Dzira la pa Dashibodi

Lolemba, 4 Ogasiti

Vani yatsopano yafika. Yoyera mbee, mipando idakali m'mapepala. Bwana wa famu wandipatsa makiyi pamaso pa onse opakira mazira, ngati akundipatsa mkazi. Yakale ija, Nkhalamba yanga, ayikankhira kuseri kwa khola la nkhuku. Zaka khumi ndi zinayi tili limodzi. Sindinayang'aneko.

Ndalowa. Pansi zopondera ziwiri basi, buleki ndi moto. Kilachi palibe. Bwana akuti makilachi alipo, awiri mpaka, koma ali mkati mwa giyabokosi ndipo amadziponda okha. Awiri athunthu, ine osandigawirako ngakhale imodzi.

Potuluka pageti mwendo wakumanzere wapita kukafuna kilachi, wakapeza buleki. Chipumi pachiwongolero. Kumbuyo mathireyi atatu phwaa. Mlonda waseka mpaka wakhala pansi. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndikuyendetsa galimoto, lero ndasekedwa ndi munthu wosadziwa ngakhale njinga.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Ndaipatsa dzina: Apongozi. Ukaiuza kuti tiyeni, imayamba yaganiza kaye. Ukaikakamiza, imadzuka mwaukali, mazira kumbuyo n'kumawombana. Sikuyankha mwachindunji, koma ulakwe uone.

Pamsewu waukulu ndiye sindinganame, imayenda bwino. Magiya amasinthana osamva n'komwe. Dzanja langa limangopita lokha pandodo ya giya, kukapeza kulibe ntchito, n'kubwerera pabondo mwamanyazi.

Vuto ndi kanjira kakuseri kwa bekale, kolowa chafutambuyo. Nkhalamba ndinkailowetsa ndi chala chimodzi. Iyi njenjenje, kudumpha, kuima, kudumphanso. Mayi wa pabekale anandifunsa ngati ndayamba kuphunzira kumene. Ndinaseka nawo. Mumtima ayi.

Usiku mwendo wakumanzere ukumaponda bulangeti. Mayi a kunyumba akuti ndawasintha giya kawiri.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Tsiku loipa.

Chitunda cha pamaloboti, masana, mzere wa magalimoto kuyambira pansi mpaka pamwamba. Chitunda chimenechi ndi chimene ndinatchuka nacho. Anzanga amakoka handibuleki, ine ayi. Ndinkaimika Nkhalamba ndi kilachi ndi moto basi, osabwerera m'mbuyo ngakhale kutalika kwa chikhadabo. Lero ndati ndiwaonetse Apongozi kuti dalaivala ndani. Buleki osaponda, moto pang'ono pokha, vani ili chilili pachitunda. Kusendera pang'ono, kuigwiranso ndi moto. Mphindi khumi ndi zisanu choncho.

Kenako kafungo. Kenako kanyali kachikasu ndi mawu pagalasi akuti giyabokosi yatentha. Kenako zii. Ndiponde moto, injini ikungolira, vani osasuntha. Mahutala kumbuyo ngati ukwati. Wapolisi wandithandiza kuikankhira pambali, akundiitana kuti agogo.

Yazizira, yayenda. Mazira afika mochedwa kusitolo zinayi.

Bwana sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Achikulire, Lachisanu likudzali ndikwera nanu. Zikakanika, mubwere mushedi muzisankha mazira, makiyi tipatse wina." Mushedi. Kukhala pampando tsiku lonse, lalikulu uku, laling'ono uku. Ndikuopa. Ndalemba, ndi zoona, ndikuopa.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Mayi a kunyumba akuti ndipite kwa Sipanala. Mwana wathu wachiwiri, makaniko kugalaja yaikulu ija. Dzinali tinam'patsa ali ndi zaka zisanu, atamasula mawilo a wilibala ya aneba. Akuti magiyabokosi amenewa amawatsegula sabata iliyonse.

Ndakana. Ndine ndinam'phunzitsa kuyendetsa mtsikana ameneyu. Ndikakhale pansi iye azindiuza poponda?

Mayi anangoti safunsa anadya phula, n'kupitiriza kusita. Kusita kwake kwa mawu.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Dzulo kanyali kaja kanayakanso. Sindinauze munthu.

Lero ndapita. Ndinanena kuti ndikungodutsa. Sipanala wandiyang'ana, wayang'ana vani, wapukuta manja. Walumikiza kachipangizo kake pansi pa chiwongolero, Apongozi n'kuyamba kundinenera zonse. Tsiku, ola, kutentha kwake. Kawiri, osati kamodzi. Galimoto yamiseche sindinaionepo.

Wandifotokozera atajambula pakatoni. Makilachi awiri, ina ya giya yoyamba, yachitatu, yachisanu, inayo ya yachiwiri, yachinayi, yachisanu ndi chimodzi. Ina ikugwira ntchito, inzake yakonzeka kale. Ndiye ndi makilachi enieni, otha kupsa ngati ya Nkhalamba. Ndikaigwira ndi moto pachitunda, kilachi imakhala ikukhuzika, yosagwira yosasiya. Kale mwendo wanga unkamva kutentha n'kudziwa polekera. Pano mwendo uli pa tchuthi, womva palibe.

Mawu ake ndawasunga: "Bambo, iyi imadana ndi munthu wokayikakayika. Mukaima, imani zenizeni. Mukamapita, pitani zenizeni."

Ndinati ndimadziwa. Anati ee, amadziwa kuti ndimadziwa. Akutengera mayi ake ameneyu.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Phunziro, Sipanala ataweruka. Iye mpando wa pambali, ine pachiwongolero ngati mwana wa sukulu. Choyamba wandivulitsa nsapato yakumanzere, mwendo ndiupinde pansi pa mpando. Akuti ukafuna kutuluka ndiuuze kuti unapuma pantchito. Sokosi yobooka pachala. Waona, mapewa n'kumagwedera ndi phwete.

Malamulo ake. Pamzere osamakwawa ndi buleki yoponda theka. Siyani mpata, wakutsogolo apite, kenako muyende kamodzi. Pachitunda buleki mpaka pansi. Mukachotsa phazi, werengani kamodzi mumtima, imve kuti mwaisiya, kenako moto mofatsa. Livesi, imani kaye kotheratu.

Mpata umene ndikusiyawo anthu akumalowapo. Minibasi ziwiri, njinga yamoto, ngakhale ngolo. Magazi kuwira. Sipanala akuti alekeni, iwo sananyamule mazira.

Ndinam'kalipira kamodzi pachabe. Tinafika pageti. Ndinafuna kupepesa, m'malo mwake ndinamufunsa ngati matayala ali bwino. Anati ali bwino, Bambo.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Sipanala wabwera ndi dzira ndi sosa, kambale koikapo kapu ya tiyi. Waika sosa padashibodi, wamata pansi pake ndi tepi, dzira pamwamba. "Likagwa, tibwerezanso." Mawu anga enieni, ndi kakwezedwe ka nsidze komwe.

Ndi mmene ndinam'phunzitsira, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mu Nkhalamba, pachitunda chomwechi. Anzake onse ankati galimoto si ya atsikana. Ndinadziwa kuti dzira likamuswekera pamiyendo sadzagwiranso chiwongolero. Ndiye ndinaliphika mobisa mayi ake ali kumsika. Silinagwe. Ananyada mwezi wathunthu. Mpaka lero sadziwa, ndipo sindidzamuuza.

Langa ndi laliwisi, wanena yekha, ndipo mipando ndi ya bwana. Takwera chitunda kasanu. Dzira limagubuduka m'sosa, kufika m'mphepete, kubwerera. Ine thukuta mpaka m'makutu. Kachisanu silinasunthe n'komwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhono yake lero ndinali ine.

Akuti mawa ndilisiye pomwepo, bwana alione. Ndinati ndi zachibwana. Ndalisiya.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Bwana wakwera 7 koloko, kabuku m'manja. Wayang'ana dzira, wayang'ana phazi langa lopanda nsapato. Anafunsa ngati ndi mankhwala. Ndinati ndi sukulu.

Kubekale chafutambuyo, kamodzi. Mayi uja anatuluka kuti aseke, anabwerera ndi kuseka kwake. Pamsewu waukulu bwana anayamba kusinza. Pachitunda mzere ngati wa sabata yatha, dzuwa lomwelo. Buleki mpaka pansi. Wakumbuyo hutala. Mwendo wakumanzere unayamba kutuluka pansi pa mpando, ndinauuza mokweza kuti unapuma pantchito. Bwana anadzidzimuka, ankayesa ndikunena iye. Mpata, kuwerenga kamodzi, moto mofatsa. Kanayi tinaima, kanayi tinanyamuka. Kanyali zii. Fungo lokhalo la mafuta odzola a bwana.

Mathireyi makumi asanu ndi limodzi, losweka palibe.

Pafamu anatseka kabuku osalembamo kanthu. Anati Lolemba ndiyambire kubekale monga mwa masiku onse, ndipo ndigule sokosi. Potsika anamenyetsa chitseko mwamphamvu, monga amachitira. Dzira lija, limene lapirira chitunda kasanu ndi kanayi, linadumpha m'sosa, kugunda ndodo ya giya, mpaka pansi.

Ndinatseka maso. Mipando yatsopano.

Kutsegula, palibe chatayika. Chigoba chokha chang'aluka. Lophika. Lolimba ngati mwala.

Ndinamatula sosa. Pansi pake kapepala kopindidwa bwinobwino, mkati mwake mchere pang'ono. Ndi zolemba zake zopendama zija: "Lanu lija munaiwala mchere."

Zaka khumi ndi chimodzi akudziwa.

Ndakhala m'vanimo nthawi yaitali, injini yozima. Mlonda anabwera kudzagogoda pagalasi, akuti kodi Apongozi akananso. Ndinati ayi, ndikudya.