Masiku Anayi M'nyumba ya Lendi ku Harare

Amayi, kaya kukukucherani bwanji kumeneko? Kuno tilipo. Mwana wanu Luwiza wabereka mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yeniyeni. Kupurazi, kufamu kuja ku Macheke, ayamba kuwokera fodya, koma mvula ikuzengereza.

Nkhani yandikhalitsa pansi ndi iyi. Achimwene a Domingo, poti lole yawo yayenda bwino chaka chino, anachita lendi nyumba ku Harare masiku anayi kuti Ababa akaone tawuni. Ababa anatenga mkazi wawo watsopano, Mai Rozina, aja munkasankha nawo fodya m'shedi. Ine ndinachokera kusukulu kumene ndimaphunzitsa ku Wedza, monyinyirika.

Nyumbayo ili ndi firiji ndi bafa la madzi otentha, ngati ya bwana ija munkakolopa Loweruka lililonse osakhalapo pampando. Tsiku loyamba Mai Rozina analowera khomo la kukhitchini, nsapato zili m'manja. Achimwene anaseka, amvekere, "Mainini, mayi athu aang'ono, sabata ino mabwana ndife." Kutacha Mai Rozina anali atazolowera kale, atatambalala pasofa, akufunsa ngati tiyi wapsa. Ndinawapatsira ndine.

Tinakwera paphiri la Kopje kukaona mzinda wonse, tinayenda pansi pa mitengo ya jakaranda, tinakwera chikepe m'sitolo yaikulu. M'chikepemo Ababa anawagwira dzanja Mai Rozina. Kodi inu anakugwiranipo dzanja pagulu? Madzulo kuhotela kunali bandi, ndipo Ababa omwe aja ankati kuvina n'kwa zidakwa anavina nawo mpaka malaya kunyowa. Ine ndinangokhala, ndikuyang'ana mapazi a mayiwo.

Paja munkauza anzanu kukomboni kuti, "Harare adzandionetsa ndi mwana wanga wa kuyunivesite, sindikufulumira ine." Zaka zitatu ndinali pantchito inu mulipo, ndikungoti tchuthi chikubwerachi. Achimwene, amene sukulu anaisiyira panjira, angoganiza kamodzi n'kuchita. Sindikudziwa amene ndikumuchitira nsanje kwambiri, iwo kapena mayiwa.

Tsiku lomaliza tinakadya kumalo odyera, ndipo apa ndiulule. Anatipatsa mapepala a zakudya, onse a Chingerezi. Ndinkadziwa kuti Mai Rozina sawerenga, koma sindinawawerengere dala kuti ndiwaone akuvutika. Analiyang'ana pepala lawo kanthawi, kenako anandikankhira.

"A Teresa, mayi anu akanaitanitsa chiyani pano? Mundiitanitsire chomwecho."

Ndinawerenga pepala lonse kawiri. Sindinadziwe, Amayi. Sindinakuonenipo mukusankha chakudya, munkadya zimene ife tasiya. Mai Rozina anati m'shedi muja munkawauza kuti mumalakalaka nsomba yokazinga, yathunthu ndi mutu womwe, ngati imene munkadya ku Tete muli mtsikana. Anawonjezera kuti munkatinso tsiku lina mudzavala nsapato zazitali, mugwe nazo pa First Street, pakati pa Harare, anthu akuona. Ababa anaseka mpaka misozi. Ine zonsezi simunandiuzepo. Munkazisungira mnzanu wa m'shedi, ine n'kumangondifunsa za mayeso.

Ndinaitanitsa nsomba ziwiri. Inali yokoma, ndipo ndinaimaliza ndili wokwiya.

Sukulu ikatsekera ndidzabwera kudzalambula pamanda panu. Ndikadzatha ndidzapita kwa Mai Rozina, ndikakhale nawo pamkeka andiuze zonse zimene munkawauza. Zidzandiwawa kuzimva pakamwa pawo, koma kwina kozitenga kulibe.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Teresa