Mboni ya pa 22 Meyi

P.O. Box 417
Verulam
Lolemba, 14 Okutobala 1996

Okondedwa achimwene Che Kasim,

Asalaamu aleikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Namwera. Ine m'thupi muli bwino, chifuwa chija chinatha mu Ogasiti. Kalata yanu ya pa 2 Seputembala ndinailandira pa 19, ndiye mukuona nokha kuti papita masiku 25 ndisanayankhe. Si khalidwe langa. Ndakhala ndikulemba n'kung'amba, kulemba n'kung'amba, ndipo ino ndi yachinayi.

Sindikutumiza pa positi. Ndapatsira mayi Esnart, aja amaoda nsapato kuno n'kumakagulitsa pa Boma. Anyamuka Lachitatu pa 16 ndipo abwerera kuno Loweruka pa 2 Novembala. Masiku amenewa muwasunge, ndifotokoza chifukwa chake. Ndawapatsiranso malaya awiri a sukulu a ana ndi R60.

Munafunsa za mapepala anga okhalira kuno, aja boma lati lipereka kwa ife amene takhala zaka zisanu. Fomu ndinakapereka pa 5 Ogasiti, pamodzi ndi kalata ya kuntchito yochitira umboni kuti ndinayamba pa 3 Malichi 1990. Munalemba kuti mukuthokoza Mulungu. Achimwene, yambani mwamva mmene kalata imeneyo ndinaipezera.

Che Jafali mumawadziwa kuposa ine, poti munawasokera zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinu amene munandisiya m'manja mwawo pamene munkabwerera kumudzi. Shopu yakula. Tili ndi makina asanu ndi amodzi, antchito tilipo asanu, ndipo timasokera mayunifolomu sukulu zinayi. Ine ndikadali pa tebulo lodulira. Amene amayendetsa zonse ndi mwana wawo wamkazi Hadijah, uja munamusiya akuphunzira kuika mabatani. Ndiye amatsegula, ndiye amakaoda nsalu, ndiye amalankhula ndi ahedi a sukulu. Mlongo wake Shafik amakhala ku Sydenham, amagulitsa magalimoto akale, ndipo kushopu amangosuzumirako.

Mu 1994 kunabwera a Malizani. Ndi munthu wakwathu, koma anabwera kuno kalekale. Ali ndi ofesi m'tauni, pafupi ndi renki ya matakisi, ndipo ntchito yawo ndi kulangiza mabanja amene ali ndi mashopu pa za msonkho, malaisensi ndi mapangano. Tsiku loyamba Che Jafali anaitana ana onse awiri n'kunena kuti, “Awa si anga ndekha. Ndi mlangizi wa banja lonse. Chimene chikuvutani, kawauzeni.” Ndipo ankawauzadi. Pa Idi a Malizani ankadya nafe mbale imodzi.

Anali ndi chizolowezi chimodzi. Poti ofesi yawo ndi yokwera masitepe 52 ndipo mawondo a Che Jafali ndi ovuta, ankabweretsa mapepala opanda kanthu kuti akulu asainiretu m'munsi, zolemba akadzaze okha. Ndinaziona katatu. Ndinkati ndi chifundo.

Lachinayi pa 13 Juni Che Jafali anagwa m'shopu ndi sitiroko, monga ndinakuuzani. Dzanja lamanja linafa, ndipo mpaka lero salankhula. Zimene sindinakuuzeni ndi izi.

Lachisanu pa 19 Julaye, potuluka mumzikiti, ndinapeza Shafik akundidikira ndi galimoto. “Kwerani madala, tikakonze mapepala anu aja,” anatero. Ndinali nditapempha kalata ya kuntchito kawiri, koma woisaina anali atagona kuchipatala. Ndinakwera mosangalala.

A Malizani anandilandira ndi tiyi. Patebulo panali mapepala awiri. Loyamba linali kalata yanga, yolembedwa bwino, deti yake yoona, kungotsala kuti Shafik asaine m'malo mwa bambo ake. Lachiwiri linali la Chingerezi chambiri. Ine ndinalekeza Sitandade 7, koma ndinatha kumva kuti Che Jafali akupereka shopu yonse, makina ndi dzina lomwe, kwa Shafik yekha. M'munsi munali siginecha yawo yeniyeni, ya dzanja lija lisanafe.

“Mungosaina apa ngati mboni, a Mahmudu,” anatero a Malizani, “ndipo pambali mulembe 22 Meyi 1996.”

Achimwene, tsiku limeneli simufuna kukumbutsidwa. Mayi anatisiya pa 21 Meyi, ndipo munawaika pa 22. Munaimba foni kushopu m'mawa umenewo. Che Jafali anatseka shopu nthawi yomweyo, ngakhale tinali ndi malaya 140 oti tipereke Lachisanu. Ananditengera kunyumba kwawo, anayala mkeka, anaitana ashehe, ndipo anakhala nane pansi ndi mawondo awo ovutawo mpaka dzuwa kulowa. Pakhomo sanachokepo.

Ndinati, “Bwana, tsiku limeneli ayi. Akulu sanabwere kuno. Anali pa maliro a mayi anga.”

A Malizani anatsegula buku lawo la maulendo n'kundionetsa. “Onani, 22 Meyi, 10 koloko, Jafali. Zinalembedwa kale.”

“Koma sanabwere.”

“Akanabwera pakanapanda malirowo, ndipo akanasaina chomwechi. Mtima wawo ndimaudziwa ine. Pepala silidziwa maliro, a Mahmudu. Mukufuna shopu ya munthu wakwathu idzapite kwa mwamuna wachilendo amene adzakwatire Hadijah?”

Shafik anali atagwira bolopeni pamwamba pa kalata yanga, osaitsitsa. “Eish, madala, tonse tili ndi zoti tisaine lero,” anatero akuseka.

Palibe amene anandigwira dzanja. Ndikufuna mumve bwino pamenepa, chifukwa m'makalata atatu ndinang'amba aja ndinkalemba ngati anandikakamiza. Ndinaganiza za galimoto ya apolisi imene imaima pa renki. Ndinaganiza za zaka zisanu ndi chimodzi zimene ndakhala ndikutseka pakamwa m'takisi kuti asamve Chichewa changa. Kenako ndinasaina, ndipo ndinalemba 22 Meyi 1996 ndi dzanja langa, manambala ooneka bwino monga mwa masiku onse. Shafik anasaina yanga n'kuti, “Sharp.” Pamene tinkatsika masitepe nthawi inali 25 pasiti 2.

Inu mumadziwa kuti chiyambire 1990 ndili ndi kabuku kolembamo zochitika za tsiku lililonse. Munkandiseka kuti ndine kalendala woyenda. Tsamba la pa 19 Julaye ndi lokhalo lopanda kanthu.

Kwa milungu khumi panali zii. Ndinkadula nsalu n'kumadziuza kuti mwina pepalalo langosungidwa. Koma Loweruka pa 28 Seputembala a Malizani anabwera kushopu titaweruka, anaitana banja ndi antchito, n'kuwerenga pepalalo mokweza. Anati Shafik wapeza munthu wogula malowo amene akufuna kuikamo mipando yogulitsa, ndipo Hadijah apereke makiyi pa 30 Novembala.

Hadijah anati, “A Malizani, si inu amene munandiuza mu Epulo kuti bambo akufuna tigawane pakati, ine ndiziyendetsa?”

“Maganizo amasintha, mwanangu.”

“Ndipo za munthu amene akundifunsira ndinauza inu nokha, m'chinsinsi, kuti mundilangize. Achimwene anazimva kuti?”

Hadijah anapempha pepalalo, anawerenga mpaka m'munsi, ndipo ndinaona chala chake chitaima pa dzina langa. Ndinkayembekeza kuti akuwa. Bola akanakuwa. Anangondiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, “A Mahmudu, tsiku limeneli ndinakuphikirani tiyi katatu. Simunamwe.”

Lolemba lake anandibweretsera nsalu yoti ndidule monga mwa nthawi zonse, n'kundipatsa moni wa ulemu. Tsiku limenelo ndinalakwitsa kolala zisanu ndi zitatu, ine amene sindinaonongepo nsalu chiyambire.

Lamulungu pa 6 Okutobala amayi a m'nyumba, akazi a Che Jafali, anandiitana kuti ndikakonze mikanjo ya Che Jafali, poti dzanja lakufalo limavuta kulowetsa. Ndinagwada pambali pa mpando wawo ndi tepi. Pamene ndinkayeza phewa, anandigwira mkono ndi dzanja lamanzere n'kuufinya, akumwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa. Za pepalalo sanauzidwe. Ankangosangalala kuti ndabwera. Ndinayeza phewa limodzi katatu osaona nambala.

M'mawa mwake, pa 7, ndinafika kushopu anzanga asanabwere, ndipo ndinamuuza Hadijah zonse. Anamvetsera akupinda nsalu. Nditamaliza anati, “Ndinkadziwa kuti ndi bodza. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mubwera liti.”

Lachinayi pa 10 tinapita kwa loya amene Hadijah wapeza, mayi wa Chizulu wa ku Verulam konkuno. Asanandifunse kanthu anati, “Baba, ine ndikuimira Hadijah. Inu sindikukuimirani. Zimene munene zikhoza kukupwetekani, ndiye ngati mukufuna kaye wokulangizani wanuwanu, ndikupatsani dzina.” Ndinadabwa. Zaka ziwiri a Malizani akudya nafe, sananenepo tsiku ndi limodzi lomwe kuti akuimira ndani. Aliyense ankamuuza kuti ndili mbali yako. Mayiyo atamva za mapepala opanda kanthu aja anaika bolopeni pansi. Anati munthu amene banja lonse lamukhulupirira sangatenge chinsinsi cha mwana uyu kukanolera mpeni wa mwana uyo, ndipo akaona kuti ana ayamba kukokana, ayenera kunena poyera n'kudzichotsapo. Anati zikumveka kuti a Malizani alandira gawo malowo akagulitsidwa, ndipo zikatsimikizika, nkhani yawo ipita patali.

Kenako anatembenukira kwa ine. “Nanga mboni ntchito yake n'chiyani, baba?”

Ndinati, “Kunena zimene maso aona.”

“Yebo. Ndiye simunafunike sukulu kuti mudziwe.”

Ananena mofatsa, koma ndikanakonda mbama.

Tsono vuto ndi ili. Mawu anga okha ndi opepuka, chifukwa ndine munthu amene wavomera kale kuti anasainira bodza. A Malizani adzati ndasintha chifukwa Hadijah wandilonjeza ntchito, ndipo kabuku kanga adzati ndalemba dzulo. Ashehe aja anabwerera kumudzi mu Julaye ndipo sitikudziwa kumene ali. Koma pali chinthu chimodzi chimene chili m'manja mwanu. Madzulo a pa 22 Meyi Che Jafali anakulemberani kalata yopepesa maliro. Ankanena iwo, Hadijah akulemba, kenako anasaina. Ndikukumbukira mawu ake: “Tatseka shopu, takhala ndi m'bale wanu pano pakhomo kuyambira m'mawa mpaka tsopano dzuwa likulowa.” Ndinakaiponya ndine ku positi pa 23.

Achimwene, ndikupempha kuti muifunefune kalata imeneyo, pamodzi ndi envelopu yake ya chidindo cha positi. Mwina ili m'sutikesi muja mumasunga makadi a sikelo a ana. Muikulunge m'pulasitiki, muwapatse mayi Esnart m'manja, osatuma munthu. Akafika nayo pa 2 Novembala, ine ndikalumbira pamaso pa loya Lachinayi pa 7.

Musaganize kuti sindikudziwa mtengo wake. Shafik anamva kuti ndapita kwa loya, ndipo Lachisanu anandipeza panja pa mzikiti. Anati ndikatsegula pakamwa, iye akanena ku ofesi ya mapepala kuti kalata yanga ndi yabodza, kuti ndinabwera 1993. Kalatayo ndi yoona, mawu alionse. Koma ndinaigula ndi bodza, ndiye sindingadabwe ikapita ndi bodzalo. Loya wati ayesetsa, koma sanalonjeze. Mwina chaka chisanathe mudzandiona ndikutsika basi ndi chikwama chimodzi ndi sizasi yanga. Zikatero, ndalama ya feteleza ndi fizi ya ana imene mumadalira idzaima. Ndikudziwa kuti ndikukupemphani kuti mutumize ndi manja anu chinthu chimene chingatseke thandizo la pakhomo panu. Mukakana sindidzakudani. Kolumbira ndipitabe, kalata ibwere kapena isabwere, kungoti popanda iyo ndikataya mapepala anga pachabe ndipo Hadijah akatayabe shopu.

Inu munandisiya kwa Che Jafali ndi mawu akuti, “Uyu ndi wofatsa, koma sanama.” Pepani, achimwene. Dzina limene ndadetsa si langa lokha.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu yawo ija ndidzatumiza zinthu zikakhala bwino. Moni kwa achemwali a Mwanahamisi, koma nkhaniyi musawauze kaye, ali ndi mtima wofulumira. Moni kwa ana onse, ndipo malaya akakhala aakulu musadule, ndasiya mpindiro wa mainchesi awiri kuti akule nawo.

Munalemba kuti Lachisanu lililonse mukapita kumanda mumawaperekera mayi salamu yanga. Ndikupempha kuti muyambe mwaleka. Tsiku lawo ndinalipereka kwa anthu kuti alembepo bodza, ndipo sindinalibweze. Pa 8 Novembala ndi Lachisanu. Tsiku limenelo mukawauze kuti Mahmudu akupereka salamu.

Ndine mng'ono wanu,

Mahmudu