Nyimbo Yopanda Popondera

Fonte Boa, Julho 1954

Okondedwa asuweni a Victorino,

Moni kumeneko ku Sozibele. Kuno tili bwino, kungoti chisanu chapsereza nyemba kudimba.

Amuna anga a Damião anafika bwino ndi galamafoni yawo, ndi mbale ya nyimbo ija munkati tauni yonse yapenga nayo. Anailiza pa festa ya ukwati wa mng'ono wanga Benedita. Asuweni, palibe anadzuka. Madoda anati ilibe popondera, azimayi anati ilibe poombera m'manja. Ndiye a Damião anabwera kudzandigwira m'chiuno, akuti kumeneko mumavina choncho, awiriawiri. Pamaso pa apongozi awo! Ndinawachotsa dzanja n'kuthawira m'nyumba, anthu n'kuseka, ng'oma n'kuyambiranso.

Bwenzi nditangopirira manyaziwo. Sanandikalipire, koma masiku ano amailiza okha kuseri kwa nkhokwe, ndipo zovala zawo za kutauni sanazitulutsebe m'bokosi. Dzulo amafunsa za lole yopita ku Dedza, njira yobwerera kumeneko.

Nyimboyi savina munthu mmodzi, ndinadzionera ndekha. Kodi kumeneko ankavina ndi yani? Iyayi, musandiyankhe. Mungonditumizira masingano a galamafoni, asanathe amene ali nawowa.

Ndine msuweni wanu,
Bernardina