Mwala Wakuda wa Pakhomo Pathu

Amayi, kodi kumene muliko kwacha bwanji?

Kuno ku Kande tadzuka. Papita mvula ziwiri chikuikireni m'manda, ndipo lero ndi pamene ndagwira cholembera. Musandidzudzule msanga. Nkhani ndinali nazo, koma ina inali isanathe, ndipo inu simunkakonda munthu wobwera ndi nkhani yopanda mchira.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Chinangwa chimene munabzala kumtunda kwa mitengo ya mango chija tazula mwezi watha, ndipo chabereka kwambiri, kupatula mizere iwiri ya kumapeto imene nguluwe zinalawa. Usipa chaka chino wavuta, mwera unakhalitsa panyanja. Achimwene analemba kuchokera ku Joni. Akuti abwera chaka chamawa, monga ananenera chaka chatha ndi chinzake chija. Anatumiza chithunzi atavala chipewa ndi taye. Masaya atupa, koma malonjezo ndi omwe aja.

Tsopano nkhani ya pakhomo.

Mukukumbukira mmene munkandinyogodolera ndikabwera kuchokera ku esiteti ndili ndi simenti m'zikhadabo? Munkati, "Iwe Simeoni, woumba mbiya amadyera m'phale. Kwa mzungu wayala miyala mpaka kosambira, kuno nkhuku ndizo zikukonza pakhomo." Ine ndinkaseka n'kumati ndidzakonza mvula ikatha. Mvula inatha katatu. Ya chinayi munatuluka mutasenza dengu la chinangwa, phazi linatsetsereka pamatope a pakhomo, chiuno chinathyoka, ndipo simunadzukenso pamphasa mpaka tsiku lija. Pamaliro anthu ankati ndi ukalamba. Ine ndikudziwa kuti anali matope, ndipo matopewo anali mlandu wanga. Ndakhala ndikufuna kukuuzani zimenezi, ndipo lero ndakuuzani.

Maliro atatha ndinanyamula nyundo n'kuyamba kuyenda m'makwawa kufunafuna mwala. Anthu amayesa mwala ndi mwala basi, koma sizili choncho. Woyera uja wa kugombe ndi wokongola m'chilimwe, koma umamwa madzi, ndipo mvula ikangobwera umamera ndere n'kumaterera kuposa matope amene. Wofiirira uja umanyenyeka pansi pa phazi ngati chigumu chogona. Wabwino ndi wakuda, wolemera, woti ukaugogoda ndi nyundo umalira mokweza ngati belu la kutchalitchi. Ukalira mogonthera, dziwa kuti uli ndi mng'alu m'kati, usiye pomwepo. Ndinagogoda miyala milungu itatu mpaka akazi otunga madzi anayamba kunong'onezana kuti maliro andizunguza mutu.

Ndinakaupeza kumtsinje kuja munkaviika chinangwa, kumunsi pang'ono kwa dziwe lanu. Mwina munaupondapo nthawi zambiri osaulabadira. Ndi wautali ngati munthu atatambasula manja, wosalala mbali imodzi, wokhakhala mbali inayo. Nditathirapo madzi, anangoyenderera osalowa, ndipo mwalawo unada bii n'kumanyezimira timadontho ngati mamba a usipa. Tinaunyamula amuna asanu ndi atatu pamitengo, kupuma kasanu, ndipo mkazi wanga, mpongozi wanu NyaMhone, anatiphikira kondowole, nsima ya chinangwa ija, amene tinamaliza osalankhulana.

Poyala ndinaika mbali yokhakhala pamwamba kuti phazi lonyowa lizigwira. Ndinaupendeketsa kunja pang'ono, kutalika kwa chala chimodzi, kuti mvula ikawomba chitseko madzi azibwerera kubwalo. M'mphepete mokha ndimo ndinakwecha ndi mchenga kuti musamacheke zidendene za ana. Kachidutswa kamene kanatsala nditaudula kuti ukwane pakhomo ndinakayala kubafa kuseri, moti tsopano NyaMhone amasamba n'kutuluka mapazi ali oyera. Mukanauona mukanati ndachedwa, ndipo mukananena zoona.

Mavuto anabwera ndi maso a dona, mkazi wa bwana wa ku esiteti. Tinkawamangira bafa latsopano, la madzi ogwa kuchokera mumgolo pamwamba ngati mvula, ndipo pakhomo pa bafalo pankafunika mwala wotchinga madzi kuti asalowe kuchipinda chogona. Tsiku lina akupita kunyanja anaimitsa galimoto pamsewu pafupi ndi nyumba yathu kuti andiuze za mapaipi. Kunali kutangogwa mvula. Anauona mwala uja uli wonyowa, ndipo za mapaipi anaiwala. Anawerama, anausisita ndi dzanja, n'kunena kuti ndi womwewu umene akuufuna.

Ndinayankha mwaulemu kuti ndiwafunira wina. Ndinawapezeradi iwiri yabwino, yolira bwino, koma anaikana. Wina akuti wafupika, wina akuti sunyezimira. Ndinawauzanso kuti pakhomo pa bafa mwala wonyezimira si umene umapulumutsa munthu, koma kodi mmisiri wakuda angaphunzitse dona kusamba?

Ndiye ananditumizira Robati, mwana wa alongo anu uja, amene tsopano ndi kapitawo ndipo amayenda ndi wezulo pakhosi ngakhale Lamlungu. Inu munkati galu wa mfumu ndiye mfumu ya agalu, ndipo ndikamuona ndimakumbukira mawuwo. Anakhala pampando wanga, anamwa madzi anga, kenaka anati, "Msuweni, usalimbane ndi anthu awa. Bwana akuti mtsinje uja uli m'kati mwa malire a esiteti, ndiye mwalawo ndi wake. Upereke, usataye ntchito chifukwa cha mwala."

Amayi, magazi anandiwira. Ndinamufunsa kuti, "Robati, pamene azakhali ako ankaviika chinangwa padziwe lija, iwe ukuyenda wopanda kabudula, chipilala cha malirecho chinali kuti? Mwalawo unabwera pa sitima?" Iye anangoyang'ana pansi n'kunena kuti watumidwa chabe. Ndinamuuza kuti akabweze mawu kuti zaka khumi ndi ziwiri ndayala miyala pamakomo amene ine sindiloledwa kulowerapo, ndimazungulira kukhitchini ngati mphaka, ndipo khomo limodzi lokha limene ndimalowa chiimirire sindilipereka.

Lachisanu m'mawa kunabwera lole. Munali Robati ndi amuna asanu ndi mmodzi, onse akuno kwathu, ena timaimba nawo kwaya, atanyamula mgwala, chitsulo chachitali chija chofukulira miyala. Ine ndinaima pabwalo ndi nyundo yanga m'manja, ndipo kunena zoona sindikudziwa chimene ndikanachita nayo. Mwina lero bwenzi ndikulemba kalatayi ndili kundende.

Apa ndikuuzeni chimene sindinanene. NyaMhone anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Inu mukudziwa kuti tinadikira zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mimba ziwiri zinapita padera inu mukuona. Mukudziwanso mwambo umene munkamuuza tsiku ndi tsiku, wakuti mayi woyembekezera saima pakhomo, amalowa kapena kutuluka, chifukwa akaima mwana nayenso adzaima pakhomo tsiku lobadwa. NyaMhone ankausunga mwambowu kuposa malamulo khumi. Ankadutsa pakhomo mothamanga ngati pali moto.

Tsiku limenelo anatuluka m'nyumba pang'onopang'ono, anaponda pamwala paja ndi mapazi onse awiri, n'kuima. Anagwira mphuthu za chitseko uku ndi uku, mimba ili patsogolo.

Mmodzi wa amuna aja anagwetsa mgwala. Robati anati, "Alamu, chonde, chokanipo pamenepo. Mukudziwa inu nomwe." NyaMhone anayankha osakweza mawu, "Ndikudziwa, alamu. Ndichokapo lole ikachoka. Mukachedwa, mwachedwetsa ndinu." Robati anayesa kuliza wezulo, koma palibe amene anasuntha. Mkulu wina wa ku Tukombo anavula chipewa n'kunena kuti, "Ine ndili ndi ana aakazi. Andichotse ntchito, koma ichi sindichigwira." Anakwera lole, enawo anamutsatira, ndipo Robati anathamangira pambuyo. NyaMhone sanasunthe mpaka fumbi litatha pamsewu. Atalowa m'nyumba anakhala pansi, ndipo ine sindinadziwe ngati ndimuthokoze kapena ndimukalipire.

Lolemba anandiuza kuti ndisabwerenso ku esiteti. Ndinasonkhanitsa zida zanga n'kutulukira pageti la kutsogolo, koyamba m'zaka zonsezi. Bafa la dona anamaliza ndi simenti yosalala ngati mbale, ndipo sindinena kanthu, asambe bwino. Ntchito ndinataya, koma manja ndinabwera nawo. Anthu atamva nkhaniyi anayamba kubwera kudzaona mwala umene unabweza lole, ndipo tsopano ndayala makomo asanu kuyambira kuno mpaka ku Chintheche. Ena amandipatsa nsomba, ena nkhuku. Sitikudya ngati kale, koma sitinagone ndi njala.

Chimene chinandidya ndi miyezi iwiri yotsatirayo. Akazi akamuona NyaMhone kumtsinje ankasiya kuseka. Anzanu a ku Umanyano, amayi a kutchalitchi aja, ankabwera kudzapemphera kawirikawiri kuposa kale, ndipo ndinkadziwa chifukwa chake ngakhale sankanena. Ine ndine mwana wa tchalitchi, ndinaphunzira kuti zimenezi ndi zikhulupiriro chabe. Koma Amayi, kuphunzira ndi kwina, mantha ndi ena. Ndikaona mwala uja ndinkadzifunsa ngati ndagula mwala ndi mwana.

Matenda anayamba Lachitatu m'mawa. Anabwera NyaLongwe, mnzanu uja amene anandilandira ine pobadwa, ndi akazi ena awiri, ndipo ine anandithamangitsira pansi pa mango monga mwa mwambo. Tsiku linatha. Lachinayi dzuwa linafika pamutu, mwana osabadwa. Mkazi wina atatuluka kukatunga madzi ndinamumva akuuza mnzake kuti, "Waima pakhomo, monga tinkanenera."

Pamenepo nzeru zinandithawa. Mgwala umene anagwetsa munthu wa Robati uja unali udakali kuseri kwa nkhokwe, palibe anabwera kudzautenga. Ndinautola, ndinapita pakhomo, ndinaulowetsa pangodya ya mwala n'kukankha ndi mphamvu zanga zonse. Ndinkati ndiuzule, ndiukokere ndekha mpaka ku esiteti ngati kuli kofunika, mwina njira ingatseguke. Chitsulo chinalira pamwala, kachidutswa kanathethekera kumbali.

Ndipo m'nyumba munatuluka mawu a NyaMhone, munthu amene anali atalephera ngakhale kumwa madzi. Anandiitana ndi mfunda wanga, "A Mphande, ndinu?" Ndinati ndine. Anati, "Siyani mwala wa amayi. Ine sindinaime pamenepo kuti inu mudzawazulire. Chokani, mukundisokoneza."

Ndinasiya mgwala pomwepo n'kubwerera pansi pa mango ngati mwana wakuba ndiwo. Ndinalira, Amayi, mwamuna wamkulu, masana anthu akudutsa. Dzuwa litangopendeka ndinamva nthungululu ya NyaLongwe.

Ndi wamkazi. Ali ndi mphumi yanu ndi mawu anu, moti akalira asodzi amamumva kugombe. Tamutcha dzina lanu. Mchombo utagwa, tsiku lomutulutsa, bwalo linadzaza, ndipo Robati naye anabwera ndi nkhuku, wezulo atasiya kunyumba. Ndinailandira nkhukuyo, pakuti nkhuku inalibe mlandu. NyaMhone anatuluka mwana ali m'manja, ndipo atafika pamwala anaimanso, dala, nthawi yaitali ndithu, akuyang'ana akazi aja mmodzimmodzi.

Mwala uli pomwepo, Amayi. Mzungu sanausunthe, Robati sanausunthe, amuna asanu ndi mmodzi anauopa. Chipsera chokhacho chimene uli nacho, pangodya ya kumanzere, ndinachipanga ndine. NyaMhone akuti ndichikweche ndi mchenga chisamaoneke, koma ndakana. Mwanayu akadzakula n'kufunsa kuti anaswa apa ndani, ndidzamuuza kuti ndi atate ake tsiku limene anachita mantha, ndipo ndidzamuuzanso amene sanachite mantha.

Mupereke moni kwa adada ngati mumakumana. Ndimakukondani monga kale, ndipo ndikulonjeza kuti nthawi yonse imene ndili ndi mpweya, chitsulo sichidzakhudzanso mwala umenewu, kaya m'manja mwa munthu wina, kaya m'manja mwanga.

Ndine mwana wanu wochedwa uja,

Simeoni