Njinga Ndaisiya Pakhonde

Mayi a Atikonda,

Pepani, ndabwera koma sitinaonane. Ndinalawirira ku Boma kuti ndikupezeni musanalowe ntchito, koma njinga yamoto yokalamba ija yandigwiritsa fuwa la moto. Nditafika pa Manyamula inayamba kutsokomola, kenako n'kuzima. Ndinapukuta pulagi, moto ukutuluka ndithu, koma nditaponda kiki inandibwezera mpaka mwendo kutupa. A Chikomeni, makaniko a pamenepo, atatsegula injini anati, "Dada, taimingi yasuntha, moto ukubwera nthawi isanakwane. Mapointi nawonso atha chomene." Anangoigwiriza kuti ndifike, ndipo yadzaferanso pakhomo panu penipeni.

Kuchipatala andiuza kuti mukuthandiza mayi wobereka, simungatuluke. Ndinakuonani pawindo mukudutsa mofulumira, tsitsi mutaluka mwatsopano. Kenako ndinabwerera kunyumba kwanu kuno. Ndakhala ndekha m'nyumba muno, fungo la mafuta anu odzola lili ponseponse, eni ake palibe. Ana asukulu amene ndimaphunzitsa ayamba mayeso mawa, ndiye ndikuthamangira matola.

Njinga ili pakhonde. Munthu asayerekeze kuiliza, ingamuthyole mwendo. A Chikomeni abwera Lachitatu ndi mapointi atsopano. Njingayi ndikuichitira nsanje, chifukwa iyo igona kwanu kuno pomwe ine ndikubwerera.

M'basiketi muli mbatata ndi chithunzi chimene Atikonda wakujambulirani. Akandifunsa kuti amayi anena chiyani, sindikudziwa chomuyankha.

Loweruka ndibweranso, ngakhale wapansi. Chonde pemphani mnzanu akugwirireni ntchito tsikulo.

Ndine wanu,
Bestone