Tsiku Limene Noemie Ananditumizira Anthu Ake

Eunice, Louisiana
10 Novembala, 2024

Okondedwa Achemwali Eulalie,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Alaska sichinakuumitseni mafupa. Kuno tili bwino, kupatula bondo langa lija lomwe limalosera mvula kuposa a zanyengo. Khalani pansi musanapitirize kuwerenga, chifukwa mlongo wanu lero akudzitama ndipo simundiletsa.

Mwaona kuti kwa zaka ziwiri makalata anga sankatchula mwana wanga Noemie. Simunandifunse, ndipo ndikuthokoza. Lero ndiulule. Tsiku limene wailesi ya m'tauni muno inathetsa pulogalamu yanga ya Loweruka, ija ndinaiyendetsa zaka makumi awiri, mkulu wake anati omvera onse anasamukira pa foni. Ndinabwera kunyumba nditapsa mtima. Ndinapeza Noemie m'chipinda mwake akusewera magemu a pa kompyuta, anthu zikwizikwi akumuonera pa intaneti monga mwa masiku onse. Ndinakankha chitseko n'kunena kuti, "Anthu ngati iwe ndi amene mwapha wailesi. Imeneyi si ntchito, n'chibwana." Sindinaganize kuti anthu ake onse akumva. Patatha sabata anasamukira ku Houston, ndipo sitinalankhulanenso.

Chaka chatha mlamu wanu Verna anatopa nane. Anati, "Bambo a Noemie, mwandikwana ndi kuusa moyo kwanuku. Ngakhale galu wayamba kukuthawani. Wailesi ikakukanani, ulutsani nyimbo zanu pa foni." Anaimika foni pa chitini cha khofi mu shedi momwe ndimakonzera maakodiyoni, zoimbira zathu zija zokoka ngati mvukuto, n'kundionetsa podina. Ndinayamba kuulutsa nyimbo zathu zakale Loweruka lililonse masana. Owonera anali anayi basi, ndipo awiri mwa iwo anali Verna ali kukhitchini ndi mnzanga Dudley Fontenot, wogulitsa masoseji uja.

Dudley sanandisiye. "Aise Ovide, kale unkaimbira maboma asanu, lero ukuimbira mkazi wako ndi ine. Bwanji tizingobwera kushediko, tisamawononge magetsi?"

Pali china chimene ndinabisira ngakhale Verna. Ndinadzipatsa dzina lakuti Nkhanu62 n'kuyamba kumuonera Noemie mwakachetechete. Za magemuzo sindimva kanthu, achemwali. Koma ndinaona mmene amalonjerera anthu powatchula mayina, mmene anaimitsira masewera kuti atonthoze munthu wina amene mayi ake anali m'chipatala. Ndinachita manyazi, chifukwa ndi zomwezo ndinkachita pa wailesi. Tsiku lina chala chinandithamangira, ndinalemba moni wanga uja wotsegulira pulogalamu: "Moni kwa apafupi ndi akutali, odwala ndi ali pantchito." Sanayankhe, ndipo ndinaganiza kuti mawuwo amira pakati pa mauthenga a owonera ena.

Anthu a ntchito imeneyi ali ndi mwambo wawo. Munthu akamaliza kuulutsa sabalalitsa owonera ake. Amawatumiza onse pamodzi kwa mnzake amene akuulutsa nthawi yomweyo, ngati kuperekeza alendo kwa neba, ndipo amasankha munthu amene amamulemekeza.

Masabata atatu apitawa ndinali pakati pa nyimbo ija bambo athu ankaikonda, pamene nambala ya owonera inalumpha kuchoka pa anayi kufika zikwi khumi ndi chimodzi. Ndinati basi, foni yalowedwa ndi akuba. Ndinatambasula dzanja kuti ndiizimitse. Verna anatulukira pakhomo chipande chotakasira msuzi wa gumbo chili m'manja.

"Mukangoigwira foniyo, muzikadya kwa Dudley mpaka kufa," anatero. "Valani magalasi muwerenge."

Mawu amene owonera ankalemba ankathamanga pa foniyo osandidikira, koma ndinagwirapo ena. "Noemie watituma." "Imbani, agogo." Wina analemba kuti, "Kodi ndinu bambo aja a chitseko?" Zaka ziwiri zapita, koma anthuwa ankakumbukirabe. Kenaka angapo anayamba kubwereza zimene Noemie ananena powatumiza: "Pitani kwa munthu amene anandiphunzitsa kulankhula ndi anthu osawaona. Ndi wamakani, koma mukamukonda. Mukamuuze kuti Nkhanu62 ndinamuzindikira kalekale."

Mumandidziwa, achemwali, kupepesa kumandivuta ngati kuzula dzino. Koma ndinaona kuti mwana wanditsegulira khomo, ndipo ndikangoimba n'kuseka ngati palibe chinachitika, likhoza kutsekeka osatsegukanso. Ndinaika akodiyoni pansi n'kuyang'ana foni ija.

Ndinati, "Inde, ndine wa chitseko uja. Ndinamunyoza mwana wanga inu mukumva, ndiye ndimupepesa inu mukumva. Noemie, ndinalakwa. Ntchito yako ndi ntchito, ndipo umaigwira kuposa mmene ine ndinkagwirira yanga."

Kenaka ndinaimba, ndipo ndikunena mosadzichepetsa kuti sindinaimbepo chonchija. Anthu amenewa savina ayi, amangoponya tizithunzi ta mitima, ndipo sakhazikika. Loweruka lotsatira anabwerako mazana atatu okha. Dudley akuti enawo anathawa nkhope yanga. Koma mazana atatuwo amafunsa mafunso amene omvera a wailesi sanandifunsepo, ndipo mayi wina wa ku Brazil wagula akodiyoni chifukwa cha ine. Chimene chimanditukumula kwambiri si chimenecho. Anthu zikwi khumi ndi chimodzi anapita kukamvera nkhalamba yosaidziwa chifukwa choti mwana wanga wanena. Ine pa wailesi sindinakhulupiriridwepo chotero.

Ndili ndi pempho. Munditumizire chithunzi chija cha bambo ali ndi akodiyoni yawo pakhonde, owonera anga akufuna kuwaona. Ndikubwezerani, musaope.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Russell ndi ana onse. Verna akupereka moni, akuti mubwere pa Khirisimasi. Dudley nayenso akuti moni, ngakhale sindinamufunse. Palinso wina. Anafika Lachisanu ndi chikwama chachikulu, ndipo wakhala pambali panga pano akusuzumira pepalali. Akuti, "Adadi, mwatalikitsa, masiku ano palibe amene amawerenga makalata." Ndamuuza kuti wowerenga wanga ndi mmodzi, koma sanandithawepo. Ndasiya mpata pansipa kuti moni wake asachite kudzera mwa ine.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Ovide

Azakhali, ndabwera kunyumba.
Noemie