Si Mdulo Ayi

Kabwata, Lusaka

Achemwali anga a Bernadette,

Amake Abson, apongozi anga aja mumawatama kuti ndi mayi wopemphera, andichita chipongwe. Koma ndisataye mwambo: muli bwanji ku Katete? Mwendo wa atate unaphwa? Ife tadzuka, ndipo mwana wanga Thandazani watuluka m'chipatala dzulo.

Atangokwanitsa sabata anayamba kunjenjemera timanja, kamlomo kali phiriphiri, kenako thupi lonse gwa. Ine ndili kalikiliki kufuna takisi, apongozi anaima pakhomo n'kulengeza, maneba onse akumva, kuti umenewu ndi mdulo, ndiulule mwamuna amene ndagona naye. Ine, ulusi wa opaleshoni ukadali pamimba! Bambo wa mwana, Abson, m'malo monditeteza anangolowa m'nyumba.

Kuchipatala anamuyeza magazi n'kupeza kuti kashiamu watsika kwambiri, mchere uja umalimbitsa mafupa. Akuti ukachepa, minofu ya khanda imakokana. Anakhala pa diripi masiku atatu.

Ba dokotala atafunsa ngati mwana amamwa china kupatula bere, ine ndinakanitsitsa. Apongozi ndiwo anayankha, monyadira ndithu, kuti ndikagona masana amamumwetsa mkaka wa ng'ombe wa m'paketi, poti wanga ndi wamadzimadzi, wa atsikana a m'tauni. Ba dokotala anavula magalasi. Anati, "Mayi, mkaka umenewo ndiwo wagwetsa mwanayu."

Mukuganiza kuti apongozi anapepesa? Anangoti iwo analera ana asanu ndi mmodzi, onse alipo.

Ndiye pempho langa ndi ili: bwerani. Kwerani basi Loweruka, Abson adzakuchingamirani pa siteshoni ya mabasi ya Intercity. Ndamuuza kuti akakuphonyani asabwerere kuno. Mwanayu ali ndi mankhwala a madontho katatu pa tsiku, Lachinayi akayezedwanso magazi, ndipo ine thupi likadali lofooka. Sindingatseke maso mwana ali m'manja mwa munthu wodziwa kuposa dokotala. Apongozi akubwerera kwawo ku Chelstone mawa, chikwama ndawalongedzera ndekha. Akafuna mdzukulu azimuona ine ndili pomwepo.

Musanyamule ulaliki wa chikhululukiro, ndikukudziwani. Ndidzaganizira zimenezo Thandazani akadzayamba kuyenda. Za mdulozo kwathu ndauza inu nokha, atate asazimve, ndipo pakamwa panga sizidzatulukanso.

Mundiperekere moni kwa atate ndi alamu anga. Ambuye akuyendetseni bwino pamsewu.

Ndine mng'ono wanu,
Betty